Tunnel, ngalande yodutsa mu proxy

Mawu akuti tunnel pa nkhani za intaneti ena angawamasulire kuti mphanga, koma ine ndimakonda ngalande. Mphanga ili ndi pothera, pomwe ngalande imalandira madzi uku n'kukawatula uko, ngati zija zothirira nzimbe ku Dwangwa, osafunsa zimene madziwo anyamula.

Tinene kuti kompyuta ya mu ofesi pa boma la Nkhotakota imalowa pa intaneti kudzera pa proxy, seva yoima pakati. Ikafuna tsamba la HTTPS, imatumiza pempho lotchedwa CONNECT, n'kutchula dzina la seva ndi port 443. Proxy ikayankha kuti 200, kusonyeza kuti yavomera, basi, imaleka kuwerenga. Imangopatsira uthenga wobisikawo mbali zonse ziwiri.

Mu HTTP/1.1, kulumikizana konse kwa TCP kumasanduka ngalande imodzi, ndipo kukatsekedwa nkhani yathera pomwepo. HTTP/2, yomwe inatuluka mu 2015, inasintha zinthu: ngalande imangotenga stream imodzi mwa zambiri zoyendera limodzi, kotero kutseka zonse chifukwa cha imodzi n'kulakwira zinzake. HTTP/3 ya 2022 imachitanso chimodzimodzi, koma pa QUIC, yomwe imayenda pa UDP.

Apa m'pamene olemba mapulogalamu a proxy amakhetsa thukuta. Kompyuta ikabwera ndi HTTP/2 pomwe tsidya linalo kuli TCP wamba, chizindikiro chomalizira stream cha END_STREAM chiyenera kusandulika FIN ya TCP, chodulira stream cha RST_STREAM n'kusandulika RST. Akaphonya pamenepa, mbali imodzi imangodikira uthenga umene sudzabwera, ngalande ili chitsegukire.