Thanki ya Mafuta ya Ford Crown Victoria ya Apolisi

Ford Crown Victoria ndi galimoto yomwe apolisi ambiri ku United States ankalondera nayo m'misewu, ndipo inasiya kupangidwa mu 2011. Thanki yake ya mafuta inali kumbuyo, pakati pa ekiselo ya matayala akumbuyo ndi buti. Ngozi inkabwera makamaka wapolisi akaima m'mbali mwa msewu waukulu, galimoto ina yaliwiro n'kudzamuomba kumbuyo. Mabawuti apansi pa galimoto kapena zitsulo zosungidwa m'buti, monga jeke, zinkaboola thanki, petulo n'kukhuthukira pamsewu, moto n'kubuka. Apolisi angapo anafa imfa yowawa yotereyi, ena mwa iwo ku Arizona.

Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linafufuza nkhaniyi ndipo mu 2002 linatseka kafukufukuyo osapeza cholakwika pa kapangidwe ka galimotoyi. Chaka chomwecho Ford inayamba kupereka zotchingira thanki, ndipo kuyambira 2005 ogula ankatha kusankha chipangizo chozimitsa moto chokha.