Mmene Masewero a Tsoka a Shakespeare Anafikira ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone, umene unamangidwa pamtunda mu 1905 azungu atathawa malungo a ku Old Drift m'mphepete mwa Zambezi, unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo kumene kunali maofesi a boma la atsamunda kunafikanso zisangalalo zawo. Holo ya Capitol inamangidwa mu 1931, koma popeza lamulo loletsa tsankho m'malo oonetsera kanema ndi m'malo odyera linabwera mu 1960, zisangalalo za m'tauni sizinali za anthu akuda a m'komboni ya Maramba. Motero ana awo ochepa amene anafika ku sekondale anakumana ndi William Shakespeare m'kalasi, monga buku la mayeso a Cambridge, osati pabwalo la zisudzo.

Chimene ankaphunzira kumeneko ndi sewero la tsoka, kutanthauza sewero limene mpangankhani wamkulu, munthu waudindo ndi wolemekezeka, amagwa mpaka kuwonongeka chifukwa cha cholakwa chochokera mwa iye mwini. Muyeso wake unachokera kwa Aristotle wa ku Greece, amene anaphunzitsa kuti zinthu ziyenera kumutembenukira munthuyo, iye azindikire choonadi madzi atafika kale m'khosi, ndipo oonerera agwidwe chisoni ndi mantha. Mu Macbeth, sewero la cha m'ma 1606, msilikali wolimba mtima amvera afiti atatu pamodzi ndi mkazi wake, napha mfumu Duncan imene inali mlendo m'nyumba mwake, ndipo kuti abise magazi oyambawo akhetsanso ena, kufikira mzukwa wa Banquo umusokoneza paphwando. Mu Julius Caesar, wa 1599, Brutus apha mnzake pokhulupirira kuti akupulumutsa Rome, koma chimene abweretsa ndi nkhondo yapachiweniweni. Nkhani zotere sizinali zachilendo kwa Mtoka, Mlozi kapena Mnyanja wobwera ndi ntchito ya njanji, pakuti kulimbirana ufumu, ufiti ndi mzimu wa wophedwa wosalola kugona zinali kale m'nthano za makolo. Chachilendo chinali Chingerezi chakalecho, chimene ophunzira ankangochiloweza kuti akhoze mayeso.

Zambia italandira ufulu mu 1964, a zisudzo za Chikwakwa pa University of Zambia, motsogozedwa poyamba ndi Michael Etherton, anayamba kutengera masewero kumidzi m'zilankhulo za anthu, ndipo Kabwe Kasoma analemba Black Mamba pa za nkhondo yomenyera ufulu. Ku Tanzania, Julius Nyerere anali atamasulira kale Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndipo ku Malawi Stanley Kenani anadzamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa. Ku Livingstone, aphunzitsi a pasukulu ya Hillcrest ndi a ku David Livingstone College of Education ali ndi zitsanzo zokwanira, ndipo ayenera kuika Macbeth pabwalo m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja kuti makolo a ku Maramba amuonere okha.