Mbiri ya Ntchito Yopima Matenda ndi Maphunziro Ake m'Malawi

Pathology ndi nthambi ya udokotala imene imafufuza chomwe chikudwalitsa munthu poyang'ana zinthu zotengedwa m'thupi mwake. Ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba imayang'ana ziwalo ndi minofu: kachidutswa kodulidwa pa chotupa, chiberekero chochotsedwa pa opaleshoni, kapena thupi la munthu amene wamwalira. Yachiwiri imapima magazi, mkodzo, makhololo, chimbudzi ndi madzi a mumsana. Anthu a ku Msundwe, Mpingu, Nsaru ndi Kabudula amakumana nayo adokotala akawauza kuti apite kulabu, kapena kuti abwerenso tsiku lakuti kudzamva zotsatira. Kwa zaka zoposa 100, nkhani yaikulu pa ntchitoyi yakhala kutalika kwa mtunda pakati pa wodwala wakumudzi ndi munthu wophunzitsidwa kuzindikira matenda ake.

Kufufuza chodwalitsa munthu sikunayambe ndi chipatala. Achewa akale ankati imfa siibwera yokha, choncho maliro akagwa modzidzimutsa ankapita kukaombeza ula, ndipo woganiziridwa ankamwetsedwa mwavi, mpaka boma la atsamunda linaletsa zimenezi ndi lamulo la mu 1911. Thupi la malemu linali m'manja mwa adzukulu, ndipo mlendo sankaligwira mwachisawawa. Ku Ulaya nako nzeru zopima matenda mwasayansi zinali zatsopano. Rudolf Virchow anaphunzitsa mu 1858 kuti matenda amayambira m'maselo, Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'magazi mu 1880, ndipo Robert Koch anapeza ka chifuwa chachikulu mu 1882.

M'chigawo chapakati, imodzi mwa ntchito zoyamba zamtunduwu inachitikira paphiri la Kasu, pomwe gulu la David Bruce linamanga msasa kufufuza kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Ankapima magazi a anthu, ziweto ndi nyama zakutchire pa maikulosikopu. Koma amene anafikitsa chipangizochi kwa anthu wamba ndi a mishoni. Zipatala za Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi Malamulo zinkaphunzitsa Amalawi kuthandiza madokotala, ndipo ena mwa iwo anadziwa kupaka magazi pa kagalasi, kusaka mazira a likodzo mumkodzo ndi a njoka zam'mimba m'chimbudzi. Udokotala weniweni unkaphunziridwa kunja kokha, monga anachitira Daniel Malekebu, yemwe anamaliza pa sukulu ya Meharry ku America mu 1917, ndi Hastings Kamuzu Banda, amene anamaliza komweko mu 1937. Kumadzulo kwa Lilongwe, masisitere a Chikatolika ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's ku Namitete mu 1959.

Mu 1961 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene ankagwira ntchito ku Uganda, anayendera zipatala zambiri za mu Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland, kufunsa za chotupa cha nsagwada chomwe chinkapha ana. Anaona kuti chinkachuluka m'malo otsika ndi otentha, monga kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, koma chinkasowa kumapiri ozizira. Pambuyo pake zinadziwika kuti khansa imeneyi imayendera limodzi ndi malungo komanso kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanapezeka mu 1964.

Maphunziro a m'dziko muno anakula dziko litalandira ufulu. Mu 1976 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa makiliniko ofesa ndi ena ogwira ntchito zachipatala, ndipo mu 1977 chipatala cha Kamuzu Central chinayamba kulandira odwala. Sukulu ya madokotala, College of Medicine, inakhazikitsidwa ku Blantyre mu 1991. Ophunzira ake oyamba anachita maphunziro a zaka zoyambirira kunja, ku Britain, Australia ndi South Africa, n'kubwera kudzamalizira pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo gulu loyamba linatuluka mu 1992. Patapita zaka zochepa, maphunziro onse anayamba kuchitikira konkuno. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizidwa ndi ya anamwino n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Wophunzira udokotala amayamba wadziwa thupi labwinobwino, kenako amaphunzira mmene limawonongekera: kutupa, kufa kwa minofu, kuundana kwa magazi, ndi mmene selo limasandukira khansa. Amagwira ziwalo zosungidwa m'mabotolo, monga mapapo obooka ndi chifuwa chachikulu kapena chiwindi chouma, kenako amaziyang'ana pa maikulosikopu. Akafika m'mawodi amaphunzira kusankha chopima choyenera ndi kumasulira zotsatira zake, chifukwa ambiri amakagwira ntchito m'zipatala za m'maboma momwe mulibe katswiri wowafunsa.

Akatswiri a pathology okha akhala ochepa kwambiri. Kwa zaka zambiri dziko lonse linkadalira labotale ya ku Blantyre ndi anthu owerengeka monga Pulofesa George Liomba, amenenso anatsogolera kaundula wa odwala khansa. Edzi itadziwika m'Malawi mu 1985, khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, khansa ya anabele ndi ya khomo la chiberekero zinachuluka, koma kachidutswa kotengedwa kwa wodwala wa ku Lilongwe kankadikira nthawi yaitali ku Blantyre, ena mpaka kumwalira asanamve zotsatira. Madokotala ankangoganizira. Mwana wotupa anabele ankatha kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa miyezi pomwe vuto lake linali khansa.

Zinthu zinasintha mu Julayi 2011 pamene chipatala cha Kamuzu Central, mogwirizana ndi bungwe la UNC Project, chinatsegula labotale yakeyake. Pulofesa Liomba anagwirako ntchito, ndipo pambuyo pake kunabwera Dr Tamiwe Tomoka, mayi woyamba m'Malawi kukhala katswiri wa ntchitoyi. Kachidutswa kochokera kwa mayi wa ku Msundwe kamafika kumeneko kali m'kabotolo ka mankhwala a formalin kuti kasavunde. Amakachotsa madzi, n'kukaumitsa m'phula longa la kandulo, kenako makina amasenga tizigawo topyapyala kuposa tsitsi. Tizigawoto amatiyala pa kagalasi ndi kutinyika mu utoto uwiri, wina wabuluu wogwira pakati pa selo, wina wofiirira wogwira mbali zotsalazo. Katswiri amayang'ana ngati maselo ali mwadongosolo kapena asokonekera ndi kulowerera minofu yoyandikana nayo. Zikavuta, zithunzi zimatumizidwa pa intaneti kwa anzawo a UNC ku Chapel Hill kuti akambirane.

Kupima mtembo ndiyo mbali imene imakumana kwambiri ndi mwambo. Abale amafuna kunyamula thupi msanga, ndipo ena amaopa kuti ziwalo zichotsedwa. Komabe phindu lake linaoneka ku Blantyre, komwe Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux ankafufuza malungo a muubongo. Lipoti lawo la mu 2004 linasonyeza kuti mwa ana 31 omwe ankaganiziridwa kuti afa ndi malungowo, 7 anafa ndi matenda ena. Izi zinalimbikitsa madokotala kuyang'ana mkati mwa diso la mwana wokomoka kuti atsimikize matendawo. Pa imfa zokayikitsa, malipoti a akatswiri monga Dr Charles Dzamalala akhala umboni wofunika m'makhoti ndi m'makomiti ofufuza.

Masiku ano kupima kosavuta kwafika m'zipatala zazing'ono za kumudzi. Malungo ndi HIV zimadziwika m'mphindi zochepa ndi dontho la magazi a pachala, khomo la chiberekero limayezedwa popaka vinigala, ndipo njinga zamoto zimanyamula makhololo ndi magazi kupita nazo kumene kuli makina. Kupima minofu kokha kukadali m'mizinda ikuluikulu, ndipo kumadalira magetsi, mankhwala ogula kunja ndi akatswiri amene amafunika zaka zina zingapo za maphunziro atamaliza udokotala. N'chifukwa chake wophunzira aliyense amaphunzitsidwa kudula kachidutswa moyenera, kulemba bwino mbiri ya wodwala pa fomu, kufotokozera abale m'Chichewa chomveka chifukwa chopimira, ndi kulondola zotsatira mpaka zifike kwa mwini wake.