Pulani ya chitukuko cha dera ku England

Pulani ya chitukuko cha dera ndi chikalata chimene anthu a m'mudzi kapena m'tauni ku England amalemba pofotokoza momwe malo a kwawo azigwiritsidwira ntchito: pamene nyumba zatsopano zingamangidwe, maonekedwe a nyumbazo, ndi malo oyenera kusiyidwa osamangapo kanthu. Pa Chingerezi imatchedwa neighbourhood development plan. Mphamvu yolemba pulaniyi inabwera ndi lamulo la Localism Act la 2011. Anthu akaivomereza pa riferendamu, pulaniyo imakhala mbali ya mfundo zimene khonsolo imatsatira poweruza pempho la aliyense wofuna kumanga m'deralo. Kumidzi ntchitoyi imatsogoleredwa ndi khonsolo ya parishi. Popeza mfundo za boma zimasintha, mapulani ambiri amafunika kukonzedwanso pakapita zaka zingapo, ndipo lamulo limafuna kuti anthu afunsidwenso maganizo kusintha kwakukulu kusanachitike.

Parishi ndi khonsolo yake

Ku England mawu akuti parishi ali ndi matanthauzo awiri. Pali parishi ya mpingo, ndiponso pali parishi ya boma, yomwe ndi gawo laling'ono kwambiri la maboma aang'ono. Nkhani ino ikunena za parishi ya boma. Makhonsolo a parishi anakhazikitsidwa ndi lamulo la Local Government Act la 1894, ndipo masiku ano alipo pafupifupi 10,000, kuphatikizapo a m'matauni ang'onoang'ono. Makhansala ake amasankhidwa ndi anthu ndipo ambiri salandira malipiro. Khonsolo yotere imasamalira zinthu monga holo ya m'mudzi, mabwalo a masewera, manda ndi timinda tobwereketsa. Ndalama zake zimachokera pa kagawo kamene kamaonjezedwa pa msonkho wa nyumba.

Khonsolo ya parishi ilibe mphamvu yopereka kapena kukana chilolezo chomangira. Mphamvu imeneyi ili m'manja mwa khonsolo yaikulu ya chigawo chonse, kapena akuluakulu oyang'anira paki ngati mudziwo uli m'kati mwa paki ya dziko. Kumene kulibe khonsolo ya parishi, monga m'mizinda ikuluikulu, anthu osachepera 21 atha kupanga gulu lawo lolemba pulani, koma liyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo yaikulu.

Mbiri

Lamulo la Localism Act linavomerezedwa mu Novembala 2011, pa nthawi ya boma la mgwirizano wa zipani za Conservative ndi Liberal Democrat lotsogozedwa ndi David Cameron. Malamulo ofotokoza kayendetsedwe ka ntchitoyi anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2012. Boma linkaganiza kuti anthu sangakane nyumba zatsopano kwambiri ngati apatsidwa mwayi wosankha okha malo omangapo.

Riferendamu yoyamba inachitika mu Malichi 2013 ku Upper Eden, dera la kumidzi ku Cumbria, kumene maparishi 17 analemba pulani imodzi. Anthu pafupifupi 90 pa 100 alionse amene anavota anaivomereza. Mfundo zake zinakhudza nyumba zotsika mtengo, nyumba za m'mafamu ndi intaneti yothamanga. Mu Meyi chaka chomwecho anthu a ku Thame, m'chigawo cha Oxfordshire, anavomereza pulani yogawa nyumba 775 pa malo angapo ozungulira tauniyo m'malo moziunjika pamalo amodzi.

Makampani omanga nyumba anayesa mphamvu ya mapulaniwa kukhoti. Pulani ya mudzi wa Tattenhall ku Cheshire inali ndi mfundo yoti pamalo amodzi pasamangidwe nyumba zoposa 30. Makampani awiri anakasuma, koma mu 2014 bwalo la High Court linakana dandaulo lawo. Mu 2017 kunabwera lamulo la Neighbourhood Planning Act, lomwe mwa zina linakhazikitsa njira yachidule yosinthira pulani imene inavomerezedwa kale.

Zimene pulani ingachite

Pulani itha kusankha malo omangapo nyumba, kunena kukula ndi mtundu wa nyumba zofunika, kuika malire a mudzi, ndi kupereka malangizo a kamangidwe monga kutalika kwa nyumba ndi zipangizo zofolerera. Ithanso kuteteza malo obiriwira amene anthu amawakonda, monga bwalo la pakati pa mudzi. Malo otere ayenera kukhala pafupi ndi anthu, akhale ofunika mwapadera kwa iwo, ndipo asakhale aakulu kwambiri.

Pali malire ake. Pulani ya parishi siloledwa kuchepetsa chiwerengero cha nyumba chimene pulani ya khonsolo yaikulu inagawira deralo, ngakhale itha kuchionjezera. Silowerera pa nkhani za migodi, zinyalala, kapena ntchito zikuluzikulu za dziko lonse monga misewu ikuluikulu ndi malo opangira magetsi. Nkhani zina zimene anthu amadandaula nazo pamisonkhano, monga liwiro la magalimoto kapena kuchepa kwa mabasi, sizikhudza kagwiritsidwe ntchito ka malo, choncho zimalembedwa padera ngati zofuna za anthu ndipo zilibe mphamvu ya lamulo.

Chifukwa chake pulani imakonzedwanso

Palibe lamulo lokakamiza parishi kukonzanso pulani yake, koma pali zifukwa zimene zimachititsa kuti ambiri atero.

Choyamba, malinga ndi lamulo la Planning and Compulsory Purchase Act la 2004, mfundo za mapulani awiri zikatsutsana, imene yavomerezedwa posachedwa ndiyo imatsatidwa. Khonsolo yaikulu imayenera kuunika pulani yake zaka zisanu zilizonse. Ikatulutsa yatsopano, mfundo zina za pulani yakale ya parishi zimatha mphamvu.

Chachiwiri ndi chitetezo chimene mfundo za boma zimapereka. Khonsolo yaikulu ikalephera kusonyeza kuti ili ndi malo okwanira kumangapo nyumba kwa zaka zisanu, makampani amapeza zilolezo mosavuta ngakhale pamalo amene sanasankhidwe. Mu Disembala 2016 nduna yoona za nyumba, Gavin Barwell, inalengeza chitetezo cha midzi imene pulani yake sinapitirire zaka ziwiri ndipo inasankha malo a nyumba. Mu Disembala 2023 nthawiyi inaonjezedwa kufika zaka zisanu. Parishi imene ikufuna kuti chitetezochi chisathe imayenera kukonzanso pulani yake nthawiyo isanakwane.

Chachitatu, chiwerengero cha nyumba zofunika chimasintha. Mu Disembala 2024 boma la Labour, lomwe linalonjeza nyumba 1.5 miliyoni, linasintha kawerengedwe kake, ndipo zigawo zambiri za kumidzi zinapatsidwa chiwerengero chokwera. Nthawi zinanso malo amene anasankhidwa poyamba amakhala atamangidwa kale, kapena mfundo ina imapezeka kuti inalembedwa mosamveka bwino moti oweruza mapempho sakuigwiritsa ntchito monga anthu ankafunira.

Mitundu itatu ya kusintha

Malangizo a boma amagawa kusintha m'magulu atatu.

Kusintha kwakung'ono, monga kukonza zolakwika pa kalembedwe kapena dzina la chikalata, kumachitidwa ndi khonsolo yaikulu itagwirizana ndi khonsolo ya parishi. Sipafunika wounika kapena riferendamu.

Kusintha kwakukulu kumene sikusintha maziko a pulani, monga kuonjezera malangizo a kamangidwe pa mfundo imene ilipo kale, kumafuna kuti anthu afunsidwe maganizo ndiponso kuti wounika woima payekha aone pulaniyo. Riferendamu sichitika.

Kusintha kumene kukusintha maziko a pulani, monga kusankha malo atsopano aakulu omangapo nyumba, kumafuna zonse: kufunsa anthu, kuunika ndi riferendamu.

Khonsolo ya parishi ndi khonsolo yaikulu zimalemba maganizo awo pa gulu limene kusinthako kuli, pamodzi ndi zifukwa zake, koma wogamula ndi wounika uja.

Kufunsa maganizo a anthu

Ntchito imayamba ndi komiti ya makhansala ndi anthu ongodzipereka a m'mudzimo. Komitiyi imaona kaye mfundo iliyonse ya pulani yakale kuti idziwe zimene zagwira ntchito ndi zimene zatha mphamvu. Kenako imasonkhanitsa umboni watsopano, monga chiwerengero cha anthu cha mu 2021, mitengo ya nyumba, ndi malo amene madzi amasefukira. Ngati pakufunika malo atsopano, eni malo amapemphedwa kunena minda imene angaipereke, ndipo malo onsewo amayesedwa pa muyezo umodzi.

Pa gawo loyambali njira zofunsira anthu amasankha okha a komiti. Zodziwika kwambiri ndi mapepala a mafunso operekedwa khomo ndi khomo, tsiku loonetsa mamapu mu holo ya m'mudzi, nkhani za m'kanyuzipepala ka parishi, ndi mafunso a pa intaneti. Makomiti ena amapitanso kusukulu ndi kwa eni mabizinesi, popeza pamisonkhano ya mu holo pamabwera kwambiri anthu achikulire okhala ndi nyumba zawo.

Pulani ikalembedwa pamabwera gawo lolamulidwa ndi ndime 14 ya malamulo a 2012. Khonsolo ya parishi iyenera kulengeza pulaniyo kwa onse okhala, ogwira ntchito kapena ochita malonda m'deralo, kuwauza kumene angaiwerenge ndi momwe angaperekere ndemanga, ndi kuwapatsa masabata osachepera asanu ndi limodzi. Iyeneranso kulembera mabungwe amene ntchito zawo zingakhudzidwe, monga Environment Agency, Natural England ndi Historic England, komanso maparishi oyandikana nawo ndi makampani a madzi.

Ndemanga zonse zimawerengedwa, ndipo komiti imalemba lipoti lonena amene anafunsidwa, njira imene anafunsidwira, nkhani zikuluzikulu zimene anatchula, ndi chimene chinachitika pa nkhani iliyonse. Komiti sikakamizidwa kutsatira ndemanga iliyonse, koma iyenera kusonyeza kuti inaiganizira. Lipotili limaperekedwa ku khonsolo yaikulu pamodzi ndi pulani, mapu a dera ndi chikalata chosonyeza kuti pulaniyo ikugwirizana ndi malamulo. Malinga ndi ndime 16, khonsolo yaikulu imalengezanso pulaniyo kwa masabata ena asanu ndi limodzi, ndipo ndemanga za ulendo uno zimapita kwa wounika.

Kuunika ndi riferendamu

Wounika amasankhidwa ndi khonsolo yaikulu mogwirizana ndi khonsolo ya parishi. Ayenera kukhala wodziwa ntchitoyi, wosagwira ntchito ku khonsolo ziwirizi, ndiponso wopanda malo amene pulaniyo ikuwakhudza. Kawirikawiri amangowerenga zikalata ndi kuyendera deralo, ndipo msonkhano wa poyera amauitanitsa pokhapokha pakafunika. Amaona ngati pulani ikulemekeza mfundo za dziko lonse, ngati ikuthandiza chitukuko chosaononga chilengedwe, ndi ngati sikuphwanya malamulo a zachilengedwe ndi ufulu wa anthu. Atha kuivomereza momwe ilili, kunena zoti zisinthidwe, kapena kuikana.

Riferendamu imayendetsedwa ndi kulipiridwa ndi khonsolo yaikulu. Ovota ndi onse olembetsa pa kaundula wa zisankho za makhansala m'deralo. Pulani imapambana ngati oposa theka la amene avota anena kuti inde, ndipo palibe chiwerengero cha ovota chimene chiyenera kukwanira kaye. Mapulani ochuluka amapambana, koma si onse. Mu 2016 anthu a ku Swanwick, m'chigawo cha Derbyshire, anakana pulani yawo pambuyo poti mfundo zimene ankazifuna zachotsedwa potsatira lipoti la wounika.

Ndalama

M'zigawo zina omanga nyumba amalipira msonkho wotchedwa Community Infrastructure Levy. Parishi yopanda pulani imalandira 15 peresenti ya msonkho wotoleredwa m'dera lake, ndipo ndalamazo zili ndi malire. Parishi yokhala ndi pulani imalandira 25 peresenti popanda malire. Ndalamazi zimagwira ntchito monga kukonza holo, tinjira ta oyenda pansi ndi mabwalo a ana.

Kwa zaka zambiri boma linkapereka thandizo la ndalama ndi akatswiri kudzera ku bungwe la Locality. Gulu lililonse linkatha kulandira mpaka mapaundi 10,000, ndipo losankha malo a nyumba linkatha kuonjezeredwa mapaundi 8,000. Mu Juni 2025 boma linalengeza kuti thandizoli silipitirira. Kuyambira pamenepo parishi yofuna kukonzanso pulani imadalira kwambiri msonkho wa anthu ake polipira akatswiri.

Madandaulo

Kafukufuku wa akatswiri a pa yunivesite ya Reading anaonetsa kuti mapulani ambiri amalembedwa m'midzi ya anthu opeza bwino, makamaka kummwera kwa England, kumene kuli anthu opuma pantchito okhala ndi nthawi ndi luso. Ntchitoyi imatenga zaka, ndipo nthawi zambiri imagwa pa anthu ochepa omwewo. Otsutsa amati njirayi imapereka mphamvu kwa amene ali kale ndi nyumba, pamene achinyamata amene anachoka m'mudzi chifukwa chosowa nyumba yotsika mtengo savota nawo. Mbali inayi, maparishi amadandaula akaona chilolezo chikuperekedwa pamalo amene pulani yawo inakana, chifukwa lamulo limalola woweruza kupatuka pa pulani ngati pali zifukwa zina zolemera. Ochirikiza njirayi amaloza midzi imene inavomereza nyumba zatsopano itasankha yokha malo ndi kamangidwe kake.

Mbali zina za United Kingdom

Mapulani amenewa ndi a ku England kokha. Ku Scotland lamulo la 2019 linalola magulu a anthu kulemba mapulani a malo awo, ndipo khonsolo imayenera kuwaganizira polemba pulani ya chigawo, koma sipachitika riferendamu. Ku Wales makhonsolo a m'midzi amalemba mapulani amene khonsolo yaikulu itha kuwalandira ngati malangizo oonjezera.