Ndere

Ndere ndi zomera zobiriwira, zoterera, zopanda mizu ngakhale masamba, zimene zimayanga pamadzi odikha ndi pamiyala ya m'mitsinje, monga timaonera kwa Mkhumba ku Phalombe. Kubiriwirako kumachokera ku tizigawo ta m'selo totchedwa chloroplast, timene timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa.

Zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo, kachigawo kotere kanali bakiteriya wodziimira payekha. Selo lina linamumeza koma silinamugaye, ndipo anakhazikika momwemo. Pang'onopang'ono majini ake ambiri anasamukira ku phata la selo, ena anatayika. Mwa majini masauzande, mu chloroplast ya ndere zambiri mwatsala pafupifupi 100 mpaka 250, choncho sangakhalenso payekha. Mu 1905, wasayansi Konstantin Mereschkowski anafotokoza ganizo loti chloroplast inachokera ku bakiteriya.