Mbiri ya Masukulu m'Boma la Mambwe

Maphunziro a m'kalasi anafika pakati pa Akunda a m'cigwa ca Luangwa kudzera m'mipingo. Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wocokera ku Nyasaland, ndiwo anakhazikitsa misoni ya Msoro, kumene anamwalira mu 1913. M'masukulu a m'midzi a nthawiyo, kuwerenga kunali kuphunzitsidwa pamodzi ndi katekisimu. Misoni ya Dutch Reformed ya Kamoto inadza pambuyo pake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, masukulu ambiri a pulaimale analowa m'manja mwa boma la Zambia. Mu 2002 malipiro anathetsedwa kuyambira giredi 1 kufika 7, ndipo mu 2022 kufikira giredi 12. Ana anaculuka, zipinda zinacepa.

Cosiyanitsa Mambwe ndi maboma ena ndi nyama zakuthengo. Kufupi ndi South Luangwa National Park, makampani olandira alendo athandiza kumanga makalasi pa masukulu monga Yosefe ndi Kawaza. Koma thandizo lotere limakonda kutsata njira za alendo, ndipo midzi yakutali imalipeza movutikira. Kumeneko mitsinje ikasefukira m'dzinja, kapena njovu zikaima panjira m'mamawa, ana amabwerera kunyumba osafika kusukulu.