AMENE AMAGUBA NDI AMENE ANASENZA

Pa 25 Setembala anthu sapita ku nchito ndipo sukulu sizitsegulidwa. M'mawa timasonkhana pa bwalo la ngwazi. Ku Lichinga, ku Metangula, ku Ulónguè ndi ku Tete mwambo wake ndi umodzi. Mbendera imakwera. Timaimba nyimbo ya fuko. Mkulu wa boma amaika nkhata ya maluwa pa cipilala. Kumene kuli asilikali, iwo amaguba pa perete, ndipo ana a sukulu amatsatira pambuyo pawo.

Patsogolo pamakhala agogo. Ena avala mendulo pa cifuwa. Ena atsamira ndodo. Ana amafunsa kuti: "Kodi agogo aja anacita ciani?" Funso limeneli ndi labwino. Munthu woomba m'manja ayenera kudziwa amene akumuombera. Ayeneranso kudziwa amene sakuoneka pa bwalo.

Perete wa atsamunda

Perete sanayambe ndi ufulu. Atsamunda anali naye wawo.

Mu 1914 nkhondo yaikulu inabuka ku Ulaya. Dziko la Portugal linalowamo mu 1916. Masiku amenewo Ajeremani ankalamulira dziko la kutsidya kwa mtsinje wa Rovuma, limene lero ndi Tanzania. Pa 25 Novembala 1917 ankhondo a Ajeremani anaoloka Rovuma pa Negomano ndi kulowa m'dziko lathu.

Misewu ya galimoto inali yosowa. Katundu wa nkhondo ankayenda pa mitu ya anthu. Asipai ankagwira amuna m'midzi kuti akhale atengatenga. Anasenza mabokosi a zipolopolo, ufa ndi macila a azungu. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Ku Báruè anthu anatopa ndi kugwidwa kotere ndi cibalo, ndipo mu 1917 anaukira Apwitikizi.

Nkhondo inatha mu 1918. Mu 1935 atsamunda anatsegula cipilala cacikulu ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, patsogolo pa siteshoni ya sitima. Cikadalipo mpaka lero. Koma m'midzi yambiri simunafike mawu onena kumene mtengatenga anagwera. Makolo anangodikira mpaka kutopa.

Amene anabwerako anabwera ndi zimene anaona: kuguba m'mizere, malipenga ndi ng'oma yaikulu. Acinyamata a m'mbali mwa nyanja anazisandutsa gule. Ndiwo mganda, wa zovala zoyera ndi malipenga a zipanda. Mukaona mganda pa tsiku la cikondwerero, dziwani kuti mukuona perete wa nkhondo ija, amene anthu a kumudzi anamutenga nakhala wawo.

Cifukwa cake 25 Setembala

FRELIMO inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam pa 25 Juni 1962. Mtsogoleri wake woyamba anali Eduardo Mondlane. Atsamunda anakana kukambirana za ufulu. Pa 25 Setembala 1964 kagulu ka ankhondo kotsogozedwa ndi Alberto Chipande kanathira nkhondo posto ya Chai, ku Cabo Delgado. M'masiku omwewo mfuti zinaliranso ku Cóbuè, m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Ndiko kuyamba kwa nkhondo ya ufulu.

Nkhondoyi inatenga zaka 10. M'Marici 1968 inatsegulidwanso ku Tete. M'Julaye caka comweco msonkhano waukulu waciwiri wa FRELIMO unacitikira ku Matchedje, ku Niassa, m'kati mwa dziko. Pa 7 Setembala 1974 pangano lothetsa nkhondo linasainidwa ku Lusaka. Pa 25 Juni 1975 Samora Machel analengeza ufulu pa bwalo la Machava.

Mfuti siyenda yokha

Akulu amati mutu umodzi susenza denga. Nkhondo nayonso sinasenzedwe ndi ogwira mfuti okha.

Zida za ku Niassa zinkacokera ku Tanzania. Za ku Tete zinkadzera ku Zambia. Kucokera kumalire mpaka kumisasa ya ankhondo kunalibe galimoto. Kunali miyendo ndi mitu. Amuna, amayi ndi atsikana anasenza mabokosi masiku ambiri, m'nkhalango ndi m'mapiri, nthawi zambiri usiku. Ena analima cinangwa ndi cimanga ca ankhondo. Ena anaphika. Ena anaolotsa anthu pa bwato. Ena anabisa ovulala. Ena anangosunga cinsinsi pamene anafunsidwa ndi cikoti.

Atengatenga a mu 1917 anasenza ali ogwidwa, pa nkhondo ya eni. Ambiri mwa osenza a nkhondo ya ufulu ankadziwa cimene akusenzera. Koma kulemera kwa bokosi kunali kumodzimodzi, ndipo maina awo nawonso sanalembedwe onse.

Pa 4 Marici 1967 gulu la ankhondo acikazi linakhazikitsidwa. Dzina lake ndi Destacamento Feminino. Amayi amenewa anaphunzira mfuti, anasenza zida, anasamala ana amasiye ndi kuphunzitsa anthu m'midzi. Mmodzi wa iwo anali Josina Machel, amene anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25.

Anthu wamba analipira mtengo waukulu. Atsamunda anasamutsa mabanja ambiri ndi kuwatsekera m'midzi yolondedwa ndi asilikali, kuti asadyetse ankhondo a ufulu. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu mazana ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Ophedwawo sanali asilikali. Anali alimi, amayi ndi ana. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa cifukwa ca kuphako.

Tisaiwalenso kuti anyamata ambiri a dziko lino analembedwa usilikali wa Apwitikizi. Ambiri analowa cifukwa lamulo la atsamunda linawakakamiza. Iwonso ndi ana a midzi yathu.

Masiku a cikumbutso

Dziko linasankha masiku okumbukira zimenezi. Tiwerenge pamodzi.

3 Febuluwale ndi Tsiku la Ngwazi. Pa tsikuli mu 1969 Eduardo Mondlane anaphedwa ku Dar es Salaam ndi bomba lobisidwa m'phukusi.

7 Epulo ndi Tsiku la Amayi a Moçambique, tsiku limene anamwalira Josina Machel.

25 Juni ndi Tsiku la Ufulu.

7 Setembala ndi Tsiku la Cipambano, pokumbukira pangano la ku Lusaka.

25 Setembala ndi Tsiku la Asilikali.

4 Okutobala ndi Tsiku la Mtendere ndi Kuyanjana.

Ku Maputo kuli bwalo lalikulu la ngwazi, Praça dos Heróis. Pakati pake pali manda omangidwa ngati nyenyezi. Pafupi pake pali khoma lalitali mamita 95, lojambulidwa mbiri ya dziko. Pa 3 Febuluwale 1979 mafupa a Mondlane, amene anabwera nawo kucokera ku Tanzania, anaikidwa m'mandamo. Momwemo mukugona Josina Machel, Filipe Samuel Magaia ndi Samora Machel, amene anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986. Mulinso Paulo Samuel Kankhomba, mwana wa m'mbali mwa nyanja ya Niassa, amene anaphedwa m'Disembala 1968. Sukulu yaikulu ya ku Lichinga imadziwika ndi dzina lake.

Maina amenewa ndi aakulu, ndipo tiyenera kuwadziwa. Koma manda a nyenyezi ndi ang'ono. Sangalandire onse amene anagwa. Enawo ali pansi pa mitengo ya m'nkhalango, pamene adziwa anzawo okha amene anawakwirira.

Nkhondo ya pacibale

Tsiku lomaliza pa mndandanda uja lili ndi mbiri yowawa. Ufulu utangobwera, nkhondo ina inayamba pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO. Maboma a azungu a ku Rhodesia ndi ku South Africa anasonkhezera motowo. Anthu amaicha nkhondo ya zaka 16. Anafa pafupifupi miliyoni imodzi. Enanso pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ocokera ku Tete, ku Zambézia ndi ku Niassa.

Pa nkhondo imeneyi mwana wa mayi mmodzi ankatha kukhala mbali iyi, mbale wake mbali inayo. Ambiri sanasankhe. Ena anagwidwa pa msewu, ena m'munda, ena anatengedwa akadali ana.

Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma. Mu 1994 asilikali zikwi zambiri a mbali zonse ziwiri anatula mfuti ndi kubwerera kwawo. Caka comweco gulu latsopano la asilikali, FADM, linapangidwa ndi anthu ocokera ku mbali zonse ziwiri. Asilikali amene mumawaona pa perete lero ndi a gulu limeneli.

M'midzi yambiri mabanja analandira ana awo mwa mwambo. Anawasambitsa ndi mankhwala, anauza mizimu ya makolo kuti mwana wabwera, ena anapita nawo ku chalichi kapena ku mzikiti. Munthu anavula nkhondo ndi kugwiranso khasu. Panalibe lipenga, panalibe mendulo. Koma kumeneko kunalinso kulemekeza msilikali, ndipo kunathandiza kuti mtendere ukhazikike.

Mtendere sunayende mosalala. Mabomba okwiriridwa anapitiriza kudula miyendo ya anthu, mpaka mu 2015 pamene dziko linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yayeretsedwa. Mfuti zinaliranso pakati pa dziko kuyambira mu 2013. Pangano lina linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa RENAMO unatsekedwa ku Gorongosa m'Juni 2023. M'Okutobala 2017 nkhondo ina inabuka ku Mocímboa da Praia, ku Cabo Delgado, ndipo ana athu ambiri anatumizidwa kumeneko. Motero pa perete pali mibadwo itatu: agogo a nkhondo ya ufulu, atate a nkhondo ya zaka 16, ndi acinyamata a lero.

Perete akatha

Perete amatha dzuwa lisanafike pamutu. Maluwa amafota. Agogo aja amanyamula ndodo zawo ndi kubwerera kumudzi. Kodi ulemu wathera pamenepo?

Mu 2011 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la ankhondo akale, Estatuto do Combatente. Lamuloli limazindikira ankhondo a ufulu ndi ankhondo a nkhondo yotsatira, ndipo limanena za penshoni ndi thandizo lina. Koma lamulo limayenda ndi mapepala. Pafunika citupa. Pafunika umboni. Pafunika kulemba dzina ndi kupita ku boma, mwina kawiri kapena katatu. Wokalamba wosadziwa kuwerenga amatha kutaya cimene cili cake. Mayi wamasiye amatha kusunga pepala m'cikwama zaka zambiri osadziwa cimene likunena. Amene anasenza bokosi kapena kulima cinangwa nthawi zambiri alibe pepala lililonse.

Apa ndi pamene ife ophunzira tili ndi nchito. Amene anali ndi zaka 20 mu 1964 lero wapitirira zaka 80. Caka ndi caka mipando ya patsogolo ikucepa anthu. Wokalamba akamwalira, amapita ndi maina a anzake, ndi njira zimene anadutsa, ndi malo amene anakwirirapo mnzake.

Kale tinalibe cocita, cifukwa colembera cinali m'manja mwa atsamunda. Iwo analemba zimene anafuna ndi kusiya atengatenga. Tsopano colembera cili m'manja mwathu. Tingathe kuwerengera agogo kalata yawo. Tingathe kuwaperekeza ku boma. Tingathe kukhala nawo pansi pa mtengo ndi kunena kuti: "Agogo, tiuzeni. Munapita caka citi? Munali ndi yani? Ndani sanabwere?" Ena safuna kukamba za nkhondo. Amenewo tisawakakamize. Koma amene afuna kukamba apeze khutu ndi kope.

Pa 25 Setembala tipite ku bwalo. Tiombere m'manja amene akuguba. Tipereke moni kwa agogo a mendulo. Ndipo tikabwerera kumudzi, tipite kwa mayi uja amene anasenza, amene sanaitanidwe ku mpando wa patsogolo. Dzina lake tililembe.

Mafunso

1. Kodi atengatenga a mu 1917 anali yani, ndipo ambiri anafa ndi ciani?
2. Cinacitika n'ciani pa 25 Setembala 1964?
3. Chulani nchito zitatu zimene anthu opanda mfuti anagwira pa nkhondo ya ufulu.
4. Cifukwa ciani timakumbukira tsiku la 4 Okutobala?
5. Kodi munthu wodziwa kuwerenga angathandize bwanji msilikali wakale?

Nchito

Funsani akulu a m'mudzi mwanu maina a anthu amene anapita ku nkhondo kapena anasenza katundu wake, a mbali iliyonse. Lembani dzina, mudzi ndi caka. Bwerani ndi kope lanu, tidzawerenge mainawo pamodzi mokweza.